Mamilimita amene anasowa m'bokosi la tcheni

Tsiku limene ndinamanga tcheni chatsopano pa njinga yamoto ya amalume, ndinatuluka pa geti ndili ndi mtima wa munthu amene wamaliza ntchito, koma ndisanafike n'komwe pamphambano ya kumsika ndinayamba kumva kaphokoso kumanzere, kumunsi kwa mwendo wanga. Sikanali koopsa ayi. Kankangoti tche, kenaka zii, kenakanso tche, ngati wina akugogoda chitini ndi msomali mosafulumira, ndipo ndikawonjezera moto kankabwera pafupipafupi, ndikachepetsa kankatalikirana. Ndinaima m'mbali mwa msewu, ndinagwada, ndinasuzumira, koma panalibe chimene ndinaona, chifukwa tcheni cha njinga imeneyi chimayenda chobisika m'bokosi lachitsulo. Ndinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, khutu lili pansi, ndikudziuza kuti mwina n'chizolowezi cha tcheni chatsopano ndipo chisiya chokha. Sichinasiye, ndipo mlungu usanathe panabwera mnzake wa phokosolo, wokhala ngati kukwecha, amene ankamveka pokhapokha ndikamakwera chitunda kapena ndikanyamula munthu kumbuyo.

Njingayi ndi Honda CG125 ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, imene amalume anagula kwa munthu wina ikadali ndi mphamvu zake, n'kuyendera kwa zaka zambiri m'misewu yafumbi ya ku Ntcheu, mpaka pamene maso anayamba kuwavuta n'kuiimika m'kachipinda kosungiramo chimanga. Mtundu umenewu kampani ya Honda inautulutsa mu 1975, itaona kuti m'mayiko ambiri osauka eni njinga sankasintha oyilo pa nthawi yake ndiponso ankazisenzetsa katundu wopitirira muyezo, choncho inapanga injini ya 124cc yosavuta kukonza komanso yopirira nkhanza. Njinga zambiri zochokera ku China zimene anyamata a kabaza akuyendetsa lero zili ndi injini zotengera pa imeneyi, n'chifukwa chake zipangizo zake sizisowa m'mashopu. Kufanana kumeneku kuli ndi msampha wake: chitsulo chimalowa, mabawuti amamangika, munthu n'kukhulupirira kuti wapeza chenicheni, pamene chasiyana ndi choyambirira ndi milimita imodzi kapena mamilimita awiri.

Malangizo sanachedwe kubwera. Mnyamata wina wa kabaza amene amaima pafupi ndi kwathu atamva phokosolo anaseka n'kundiuza kuti, "Bwana, chotsani chibokosicho mutaye, ife tonse tinachotsa kalekale." Wina anati ndingolowetsa chitsulo m'kati n'kulikankha bokosilo kuti litukuke, kapena ndilimenye ndi hamala pamene pakugundapo. Sindikuwanyoza, popeza munthu amene njinga ndiyo munda wake sangakhale tsiku lonse akusinkhasinkha za kaphokoso pamene makasitomala akudutsa. Koma bokosi limenelo silinaikidwe kuti likongoletse njinga. Fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi oyilo wa pa tcheni limasanduka phala lonolera, limene limadya timapini ta tcheni ndi mano a sprocket (gudumu la mano limene tcheni chimayendapo) usana ndi usiku, ndipo tcheni chotsekeredwa chimakhala nthawi yaitali kuposa chapamtetete. Chinanso chimene chinandiletsa n'chakuti bokosi lomweli linakhala pa njingayi zaka zoposa 40 osadandaula. Ngati lero tcheni chikuligunda, ndiye kuti china chake chasuntha, ndipo kulichotsa kukanangotontholetsa mboni, mlandu uli pomwepo.

Ndinayamba ndi kuwerenga. Phokoso lobwerezabwereza la pa njinga limatsatira chinthu chimene chikuzungulira, ndipo chilichonse chili ndi kamvekedwe kakekake. Ndinaimika njinga pa stand yapakati, injini ili yozima, giya ili pa fulii, n'kulemba chizindikiro cha choko pa tayala la kumbuyo. Pano ndiyenera kunena mosapita m'mbali kuti ntchito imeneyi sichitika injini ikulira, chifukwa chala chikalowa pakati pa tcheni ndi mano a sprocket sichibwerako chamoyo. Ndinali nditawerenga kale pomanga kuti sprocket ya kutsogolo ili ndi mano 15, ya kumbuyo 38, ndipo tcheni chili ndi mfundo 104. Masamu ake ndi a ku pulayimale: vuto likakhala pa wilo, pa tayala kapena pa sprocket ya kumbuyo, phokoso limveka kamodzi wilo likazungulira kamodzi, likakhala pa sprocket ya kutsogolo limveka kawiri ndi theka pa ulendo womwewo, koma likakhala pa mfundo imodzi ya tcheni, wilo liyenera kuzungulira pafupifupi katatu kuti mfundoyo ibwererenso pamene inagunda. Ndinazunguza wilo ndi dzanja ndikuwerenga chizindikiro chija. Kamodzi, zii. Kawiri, zii. Lisanamalize kachitatu, tche. Ndinabwereza kasanu ndipo sizinasinthe.

Mfundo imodzi yokha ndiyo imasiyana ndi zinzake pa tcheni, ndiyo jointi imene timalumikizira mapeto awiri. Timapini take ndi totalikirapo kuti kachitsulo kotsekera kapeze pogwira, ndipo mbali yotalikayo imayang'ana kunja. Nditamasula theka lapamwamba la bokosi n'kulitembenuza padzuwa, umboni unali poyera: pakhoma la kunja, chakumbuyo kufupi ndi sprocket yaikulu, panali kamzere konyezimira kotalika ngati chala, pamene utoto ndi dzimbiri zinapalika mpaka chitsulo kuoneka mbee. Mitu ya timapini ta jointi nayo inali yosalala ngati yopukutidwa. Ndinaonetsetsanso kuti kachitsulo kotsekera kakhala bwino, mbali yake yotseka ikuyang'ana kumene tcheni chikulowera, chifukwa kakamangidwa chotembenuza, kugunda kotereku n'kokwanira kukavula, ndipo tcheni chikaduka pa liwiro chimatha kuboola injini kapena kumanga wilo.

Funso lotsatira linali lakuti jointi ya tcheni chakale sinkagunda bwanji. Ndinakachifukula m'thumba la zitsulo zakutha n'kuchiika pambali pa chatsopano. Zonse ziwiri ndi za nambala 428, ndipo nambalayi ili ndi tanthauzo: 4 woyambayo akunena kutalika kwa mfundo, mamilimita 12.7 kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake, pamene 28 akunena mpata wa m'kati umene dzino la sprocket limalowamo, wochepera pang'ono mamilimita 8. Nambalayi sinena kanthu za kunenepa kwa tcheni kunja kwake. Pa chatsopanocho, kumapeto kwa 428 kunali chilembo H, chimene ndinachiona pogula koma wogulitsa atandiuza kuti ndi cholimba kwambiri ndinangogwedeza mutu n'kulipira. Tcheni cha H chili ndi timbale ta m'mbali mwa mfundo tokhuthala, pafupifupi mamilimita 2 m'malo mwa 1.5, ndipo popeza timbale timakhala tinayi m'lifupi mwa tcheni, chonse chimanenepa ndi mamilimita awiri, imodzi mbali iyi ndi imodzi mbali inayo. Matcheni okhala ndi timphira totsekera girizi m'kati amanenepa kuposa pamenepa, ndipo ambiri amene amakonza njinga zakale amakhumudwa nawo pa chifukwa chomwechi, popeza njingazo zinapangidwa matcheni oterewa asanafale.

Pamenepa ndikanatha kutseka mlandu, n'kukagula tcheni chopyapyala, phokoso n'kutha. Ndinatsala pang'ono kutero. Chinandibweza ndi chakuti milimita imodzi ndi yochepa kwambiri. Palibe wopanga njinga amene angasiye mpata wa milimita imodzi yokha pakati pa tcheni chothamanga ndi khoma la chitini, podziwa kuti tcheni chimagwedezekera m'mbali pa mabampu. Komanso kamzere kaja kanali mbali imodzi yokha, khoma la m'kati lili bwinobwino ndi fumbi lake lakale. Tcheni chonenepa chikanakhala pakatikati chikanayandikira makoma onse awiri mofanana. Choncho tcheni chatsopano sichinayambitse vutoli. Chinangomaliza kampata kotsala, kamene zinthu zina zinali zitadya kale.

Mano a sprocket yakale, imene ndinali ndisanataye, anandiuza zambiri. Ya kumbuyo inali yonyezimira ndi yodyeka kumbali ya kunja kwa mano, pamene ya kutsogolo inadyeka kumbali ya m'kati, yoyang'ana injini. Kudyeka kotere kumachitika ma sprocket awiri akapanda kukhala pa mzere umodzi, tcheni n'kumayenda chopingasa pang'ono, chikukoka uku ndi uku. Ndinatenga chitsulo chowongoka cha aluminiyamu, chotsala pomanga mawindo, n'kuchigoneka pa nkhope ya sprocket ya kumbuyo, nsonga yake ikuloza kutsogolo. Chikanayenera kukakhudza nkhope ya sprocket yaing'ono, koma chinadutsa kunja kwake, n'kusiya mpata woti ndalama yachitsulo n'kulowa.

Chitsulo chowongoka chimatha kunama ngati wilo lakhala mokhota, choncho ndinayamba ndatsimikizira zimenezo. Timizere tolembedwa pa swing arm (chitsulo cha mikono iwiri chimene chimagwira wilo la kumbuyo), timene timatithandiza kukoka wilo mofanana mbali zonse, sindimatikhulupirira kwenikweni pa njinga yakale, popeza tizitsulo tokokera timapindika ndipo mabowo ake amakula. Njira imene ndimaidalira ndi ya chingwe: kuchikulunga kumbuyo kwa tayala la kumbuyo, chapansi pang'ono kuti chisagunde stand, n'kukoka nsonga zake ziwiri mpaka kupitirira tayala la kutsogolo, chingwe chikungokhudza m'mphepete mwa tayala la kumbuyo pawiri mbali iliyonse. Tayala la kutsogolo ndi lopyapyala, ndiye pamatsala mpata uku ndi uku, ndipo mipatayo iyenera kufanana. Nditawongola wilo kuti liloze kutsogolo ndithu, mpata wa kumanzere unali waukulube kuposa wa kumanja. Wilo lonse, pamodzi ndi sprocket yake, linali litasamukira kumanzere.

Chimene chimaika wilo pamalo pake pa ekiselo ndi timapaipi tachitsulo, ma spacer, timene timakhala pakati pa wilo ndi mikono ya swing arm. Nditasolola ekiselo, ndinayala chilichonse pa nyuzipepala motsatira mmene chatulukira, kumanzere kwake kumanzere, kumanja kwake kumanja, chizolowezi chimene ndinaphunzira nditasokonezapo zinthu kangapo. Ka kumanzere kanali kachilendo. Sikanali kosalala ngati kochokera ku fakitale. Kanali kachidutswa ka paipi ya madzi, kodulidwa ndi sowo, m'mphepete mwake mukuonekabe mikwingwirima ya fayilo, ndipo mbali imodzi inali yaitali pang'ono kuposa inzake. Kumanja, pakati pa spacer yeniyeni ndi mkono wa swing arm, kunatuluka kawashala kokhuthala mamilimita awiri, kamene sikanali ndi chifukwa chokhalira pamenepo kupatula kudzaza mpata umene kapaipi kafupikafupi kaja kanasiya. Ndinali nditamasulapo wilo limeneli kawiri konse, n'kubwezera zonse mmene ndinazipezera, osadzifunsa kanthu. Munthu ukalandira njinga ya akuluakulu umaganiza kuti chilichonse chimene chilipo chinabadwa nayo.

Ndinanyamula kapaipiko, kawashala ndi ekiselo kupita kwa bambo wina wachikulire amene ali ndi makina osemera zitsulo. Anatembenuza kapaipiko m'manja mwake, anakayeza mbali zinayi, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwayenda nako zaka zingati kameneka?" Nditayankha kuti njingayo si ine ndinayamba nayo, anati wodulayo anali ndi dzanja labwino ndithu, chifukwa ndi sowo wamba ambiri amaphonya kuposa pamenepa. Anandisemera katsopano, kutalika kwake kuphatikiza kapaipi ndi kawashala, nkhope zake zonse zili zowongoka. Anandichenjezanso kuti spacer yodulidwa mopendama imakankha bearing (kamkombero ka timipira tachitsulo kamene wilo limazungulirapo) mbali imodzi, choncho ndiyang'ane ya kumanzereyo. Nditafika kunyumba ndinaizunguza ndi chala n'kumva ngati muli mchenga, ndipo ndinasintha zonse ziwiri.

Kugogoda kuja kunatha tsiku lomwelo. Kukwecha kwa pachitunda kunatsala, ndipo kumeneku ndiko kunandizunza kwambiri, chifukwa njinga ikaima pa stand kunalibe. Phokoso limene limabwera pokhapokha injini ikukoka silipezeka pozunguza wilo ndi dzanja. Limafuna kuti ulitchere msampha. Ndinatsuka m'kati mwa bokosi ndi palafini, n'kupakamo choko chonyowa mbali zonse mpaka kuyera, ndipo chitauma ndinamanga, ndinanyamula mwana wa mchemwali wanga, amene si wopepuka, n'kukakwera chitunda cha kuseri kwa sukulu kawiri. Pomasula ndinapeza choko chafufutika malo awiri: pansi pa theka lam'munsi, chapakatikati, ndi pakamwa pa bokosi kutsogolo, kumene tcheni chimatulukira kupita ku injini.

Chizindikiro cha pansicho sichinandivute kumvetsa. Injini ikamakoka, mbali yapamwamba ya tcheni imakungika ndipo kukhwepa konse kumathawira kumunsi, kumene tcheni chimalendewera n'kuyamba kukwawa pa bokosi. Tcheni chatsopano chimatalikirapo m'masiku oyamba, ndipo changa chinali chitakhwepa. Komabe apa ndi pamene ambiri amalakwitsa mbali inayo, kukoka mpaka tcheni kulira ngati nsambo ya bangwe. Swing arm simazungulira pa malo amodzi ndi sprocket ya kutsogolo. Bawuti yake ili kumbuyo pang'ono, motero mtunda wa pakati pa ma sprocket awiri umasintha wilo likamakwera ndi kutsika. Umatalika kwambiri pamene pakati pa sprocket ya kutsogolo, bawuti ya swing arm ndi ekiselo zakhala pa mzere umodzi, zimene zimachitika njinga ikalemedwa. Tcheni chimene chikuoneka chabwinobwino pa stand chimatha kukungika kotheratu anthu awiri akakwera, ndipo mphamvu yonseyo imakathera pa bearing ya m'giyabokosi ndi pa kamphira kotseka oyilo. Ine ndinazunguza wilo kufuna pamene tcheni chimakungika kwambiri, popeza sprocket sikhala yozungulira ndendende, ndipo pamenepo ndinasiya kuti chizisewera mamilimita pafupifupi 20, kenaka ndinakhazika mwana wa mchemwali wanga uja pa mpando n'kutsimikizira kudzera pa kabowo ka bokosi kuti chikusewerabe. Ndinayezanso ma shock, chifukwa aatali kuposa oyambirira amatsitsa swing arm n'kuchititsa tcheni kukhula pamwamba pa bawuti yake, koma anali olingana ndi akale amene ndinawapeza m'kachipinda kaja.

Chizindikiro cha pakamwa pa bokosi ndicho chinanditengera masiku. Ndinakayikira kaye sprocket ya kutsogolo, imene pa njinga zimenezi imagwidwa ndi kambale kachitsulo ndi mabawuti awiri ang'onoang'ono; kambaleko kakadyeka, sprocket imayenda uku ndi uku pa shafti. Kanali kabwino. Ndinaganizanso za kukula kwake, popeza dzino limodzi lowonjezera limakweza tcheni ndi mamilimita awiri kuzungulira konse, ndipo amene amaika sprocket yaikulu pofuna liwiro amadzapeza tcheni chikupala chivindikiro cha injini. Koma yanga inali yofanana ndi yakale. Sprocket ya kumbuyo, imene imakhala pa timphira tinayi m'kati mwa hub, chitsulo cha pakati pa wilo, ndinaigwedeza ndipo inali nji. Potsiriza ndinachita chimene ndikanayamba nacho: ndinagwada kumbuyo kwa njinga, dzanja limodzi pa tayala, chala cha dzanja linalo pamene swing arm imakumana ndi fulemu, n'kukankha wilo kumanzere ndi kumanja. Chala chinamva kusuntha kumene diso silinkaona, ka gwede kakang'ono kwambiri. Ma bush, timapaipi timene swing arm imazungulirapo pa bawuti yake, anali atatha.

Kusuntha kochepa pa bawuti kumakula kukafika ku wilo, chifukwa mkono wa swing arm ndi wautali. Tcheni chili kumanzere, ndiye injini ikakoka mwamphamvu chimakokera mbali imeneyo ya ekiselo kutsogolo, swing arm yonse n'kupotokera kumanzere. Bokosi linamangidwa pa swing arm, choncho limapotoka nayo, koma sprocket ya kutsogolo ili pa injini ndipo sisuntha. Kwa kanthawi kameneko tcheni chimadutsa chopingasa pakamwa pa bokosi n'kukhula m'mphepete. Ukabweza moto, zonse zimabwerera m'malo mwake ngati sizinachitike. Apa m'pamene ndinamvetsanso chifukwa chake njingayi inkakhala ngati ikuvina ndikamakhota pa liwiro, chinthu chimene ndinkachiika pa matayala akale. Kutulutsa ma bush akalewo inali nkhondo ya tsiku lathunthu, popeza dzimbiri linawamata, ndipo atsopano ndinawalowetsa powakoka ndi bawuti yaitali ndi mawashala akuluakulu, osati ndi hamala.

Tcheni cha H ndinachisiya pomwepo. Kunena zoona injini yaing'ono chonchi sichifunikira, ndipo ndikadzagulanso ndidzatenga 428 wamba, koma ndalama inali itapita kale ndipo ndinkafuna kudziwa ngati mpata wabwerera. Ndinamata kadongo kofewa pakhoma la kunja, pamene panali kamzere konyezimira, n'kumanga bokosi, n'kuzunguza wilo mpaka jointi itadutsapo kangapo. Nditamasula ndinadula kadongoko ndi lezala n'kuyeza kamene kanatsala pansi pa njira ya jointi: mamilimita atatu, kupitirirako pang'ono. Ndinapakanso choko, ndinakwera chitunda chija ndi mnyamata yemwe uja, ndipo choko chinabwerako chili mbee paliponse.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita nayo ku Ntcheu kuti amalume aione ikuyenda. Anaizungulira akuisisita thanki, n'kundiuza kuti ndiilize, ndipo anaimvetsera nthawi yaitali mutu uli chopendeka. Titakhala pakhonde ndinatulutsa kapaipi kaja ndi kawashala m'thumba n'kuwaika m'manja, osanena kanthu. Anatipapasa ndi zala, kenaka anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Anati chaka china tayala linaphwa ali kutali ndi kwawo, ndipo pomata chubu m'mphepete mwa mtsinje spacer inagubuduka n'kulowa mumchenga. Anaifuna mpaka dzuwa kupendeka osaipeza, ndipo wowotcherera zitsulo wa pamsika wapafupi ndiye anawadulira paipi kuti afike kunyumba. Ndinawafunsa kuti, "Nanga kawashalaka, amalume?" Anati kameneko anaika okha m'mawa mwake ataona kuti wilo likugwedera, ndipo ankati akadzapita ku Blantyre adzagula spacer yeniyeni. Anandibwezera kawashala, koma kapaipi anakaika m'thumba la jekete lawo.